Khoma la Eni Masitolo

"Ababa, dengu la usipa limeneli munalisenza ndinu? Pamutu panu pomwepa?"

Ruqaya anafunsa ali chiimire, pepala lili m'manja, dzanja lina lili m'chiuno. Unali m'mawa wa Loweruka, ndipo bambo ake, Che Fadili, anali atangoviika buledi mu tiyi. Buledi uja anakhalitsa mmenemo mpaka anaphwanyikira momwemo.

"Iwe, ukulankhula ndi ndani chonchi? Khala pansi."

"Ndikhala ndikamaliza kuwerenga. Tamverani: 'Sitolo yachitatu inatsegulidwa m'chaka cha 1984 ndi Che Fadili Abdula, bambo wakhama amene anayamba ndi dengu limodzi la usipa wa ku Makanjira, naumba yekha njerwa za sitoloyo.' Naumba yekha! Inu ababa, amene mukagwira khasu pang'ono pokha mumadandaula msana sabata yathunthu?"

"Amenewo ndi malembedwe a aphunzitsi. Anthu ophunzira amakometsera."

"Akometsera zimene mwawauza ndinu."

Che Fadili anakonza mzuli wawo woyera pamutu ngakhale unali bwinobwino. Zoona zake n'zakuti mawu onsewo anatuluka pakamwa pawo pomwe, Lachiwiri lapitalo, atakhala pabenchi ya pakhonde la sitolo. Mzere wa masitolo asanu ndi awiri a kumtunda kwa Bangwe, pamene maminibasi amatembenukira, unali kukwanitsa zaka makumi anayi. Komiti ya eni masitolo inamanga kashedi kodikiriramo minibasi, ndipo inagwirizana kuti pakhoma pake palembedwe mayina a amene anayambitsa sitolo iliyonse, kuti adzukulu azidzadziwa. Ntchito yofufuza mbiriyo inapatsidwa kwa a Hawkins, mphunzitsi wopuma amene ankayenda ndi mabolopeni atatu m'thumba la shati. A Hawkins anayenda khonde ndi khonde kufunsa amene anawapeza pamabenchi. Ndipo pamabenchi a masitolo, monga mudziwa, pamakhala azibambo. Azimayi amakhala kuseri kwa kauntala, alibe nthawi ya mbiri.

"Amayi, simukumva zimenezi?" Ruqaya anatembenukira kwa mayi ake, Abiti Salehe, amene anali pamkeka pafupi ndi chitseko akusankha mpunga m'lichero.

"Ndamva, mwanangu. Makutu ndili nawo."

"Ndiye mukungokhala chete?"

"Ukufuna ndiimbe nyimbo? Khoma ndi khoma basi. Dzina langa likalembedwa pamenepo, shuga atsika mtengo?"

"Nkhani si ya shuga. Azakhali amanena mpaka lero kuti usipa woyamba munabwera nawo inu pabasi kuchokera kwanu. Dothi la njerwa munkaponda inu, ine ndili kumbuyo kwanu. Ababa nthawi imeneyo anali ku Limbe, akupalasa njinga ndi makalata a abwana awo."

"Njinga imeneyo ndiyo inkakudyetsa," Che Fadili anamudula pakamwa.

"Sindikukana. Ndiye auzeni a Hawkins alembe kuti munali mesenjala wakhama. Koma sitolo anayambitsa ndi amayi."

"Laisensi ili m'dzina la ndani?"

Che Fadili anafunsa akuyang'ana Ruqaya. Kenako Abiti Salehe anayankha mosakweza mawu, maso ali pampunga.

"Ili m'dzina lanu chifukwa tsiku limene ndinapita kuofesi kuja, kalaliki anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kundiuza kuti ndikatenge mwamuna wanga. Ndinakutengani. Munasaina. Basi, Ruqaya, katsegule sitolo, anthu akudikira buledi."

Ruqaya anatuluka akung'ung'udza, chitseko anachisiya pululu.

Munthu asakayike, Che Fadili ankawakonda akazi awo. Koma ankakondanso kwambiri kutchedwa bwana wa sitolo. Chipumireni ntchito, zaka makumi awiri tsopano, malo awo anali benchi ija, wailesi ili pambali. Ankalonjera aliyense, kufunsa za odwala, kuweruza mpira wa dzulo, ndi kuuza makondakitala mmene dziko liyenera kuyendera. Anthu obwera kumene m'Bangwe ankati tikagule kwa Che Fadili, ndipo eni ake anamva zimenezi kambirimbiri mpaka anayamba kuzikhulupirira. Pamene ankafotokozera a Hawkins za kuumba njerwa kuja, anamva msana ukuwawawadi.

Sabata yotsatira a Hawkins anafika pasitolo ndi kope lawo kukhwapa. Asanakhale n'komwe, Ruqaya anawaponyera mawu ali kuseri kwa kauntala.

"Aphunzitsi, mbiri yanu ija ili ndi bowo."

"Bowo? Mwana wanga, ine ndaphunzitsa zaka makumi atatu. Mbiri imayendera mapepala. Bambo akowa andionetsa laisensi ya 1984, ya sitampa yomwe. A Godfrey a tiyirumu, amene ndi tcheyamani wathu, andionetsanso yawo. Masitolo onse seveni ali ndi mapepala."

"Onse seveni azibambo okhaokha?"

"Ndi mmene zinakhalira."

"Simunadabwe?"

"Kudabwa si ntchito ya wolemba mbiri."

"Nanga amayi munawafunsa?"

"Ndinawapatsa moni. Anali bize ndi makasitomala."

"Akhala ali bize zaka fote, aphunzitsi. Ndiye nkhani yake imeneyo."

A Hawkins anaseka ngati amene wamva nthabwala ya mwana wa sitandade thuu, n'kutembenukira kwa Che Fadili.

"Ndabwera ndi ganizo la komiti. Tsiku la mwambo, tisanavundukule khoma, woyambitsa aliyense aonetse ana a masiku ano mmene malonda ankachitikira kale. A Godfrey adzathira tiyi kuchokera m'mwamba muja, mmene ankachitira m'tiyirumu. Inu mudzadula sopo ndi ulusi. Sitolo ino inatchuka nazo zimenezi. Sopo wamtali wochapira uja ankadulidwa zidutswa zisanu ndi zitatu zofanana ndendende, popanda mpeni, popanda rula. Anthu ankachokera kutsidya kudzagula kuno, poti palibe amene ankadandaula kuti chake chachepa."

"Ankadula ndani, aphunzitsi?" Ruqaya anafunsa.

"Ine sindinkaona. Ndinkatuma mayi a kunyumba."

Apa Che Fadili akanatha kunena kuti maso akuwavuta, kapena kuti zala zinauma ndi ukalamba. Koma pakhonde panali anthu anayi akumvetsera, ndipo mmodzi anali kondakitala wapakamwa.

"Zing'onozing'ono zimenezo," anatero akupukusa dzanja. "Lembani pa pulogalamu."

Ruqaya anaseka chikhakhali kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo, mpaka anagwira sikelo kuti asagwe.

M'mawa mwake Che Fadili anakwera minibasi kupita ku Limbe, kukagula sopo kumene sakudziwika. Anabwera naye atamukulunga m'nyuzipepala, n'kukabisala kuseri kwa nyumba pamthunzi wa mpapaya, ali ndi ulusi umene anaba m'chitini chosungira singano. Anali ataona akazi awo akudula sopo kosawerengeka. Ankangoti ulusi zungulire, kukoka, chidutswa gwa. Koma kuona ali pabenchi kunali kwina, kugwira kunali kwina. Poyamba ulusi unaduka. Kachiwiri unaterereka n'kuwacheka chala. Kachitatu unadula ndithu, koma chidutswa chinatuluka chopendekeka ngati denga la khitchini. Pofika Lachinayi, kuseri kwa mpapaya kunali mulu wa tizidutswa ta sopo tokwanira kuchapira mzikiti wonse.

Masana a tsiku limenelo Abiti Salehe anawapezerera akubwera kudzayanika zovala.

"Abambo ake Ruqaya, mwayamba bizinesi yochapa osatiuza?"

"Ndikungokumbutsa manja."

"Ooh. Akukumbuka?"

"Pang'onopang'ono." Che Fadili anakanda pachibwano. "Kodi Abiti, ulusi umenewu umayambira pansi kapena pamwamba? Ndangoiwala pang'ono pokha."

"Mwini sitolo afunse ine? Ine ndine ndani? Ine ndimangosesa pakhonde kuti benchi yanu ikhale pabwino."

Anaseka ponena zimenezi, koma kuseka kuja sikunakhalitse. Anaika beseni pansi, n'kupukuta manja pachitenje.

"Ndikuuzeni chimodzi. Tsiku lija Ruqaya ankawerenga pepala, ndinati khoma ndi khoma basi. Ndinanama. Zinandiwawa. Usipa tengani, laisensi tengani, sindikulimbirana nanu. Koma njerwa zija, abambo ake Ruqaya? Zala izi zinang'ambika ndi chikombole mwezi wathunthu. Mukabwera kuchokera ku Limbe munkang'amba malaya anu akale n'kundimanga chala chimodzichimodzi, mukundikalipira kuti ndipume. Munkandimanga ndinu. Kuti anthu ena aiwale sindidabwa. Koma inu?"

Anatola beseni lawo n'kukayanika zovala mbali ina.

Che Fadili anatsala atagwira ulusi. Malaya amenewo anawakumbuka, anali abulauni, a kuntchito. Manyazi anawagwira kwambiri, ndipo anatsimikiza mtima kuti apite kwa a Hawkins nthawi yomweyo akawauze zoona. Anavala nsapato n'kunyamuka. Koma njira yopita kwa a Hawkins inkadutsa pakashedi paja, ndipo anapeza a Jonas, wolemba zikwangwani, akutsuka mabulashi. Khoma linali litatha. Pamzere wachitatu panali zilembo zabuluu zazikulu ngati chikhatho: CHE FADILI ABDULA, 1984.

"Mwaliona, bwana?" a Jonas anafunsa. "Lanulo ndalinenepetsa dala."

Che Fadili anaima nthawi yaitali akuliyang'ana. Chibadwire dzina lawo linali lisanalembedwepo pena paliponse kupatula pachitupa ndi pa laisensi. Linali lokongola, tisanamizane. Mumtima anati apita mawa. Mawa lake anati apita mkuja, ndipo Loweruka la mwambo linawapeza asanapite.

Tsikulo Bangwe yense wa kumtunda anasonkhana. Panali tenti, mipando yobwereka kutchalitchi ndi mikeka yochokera kumzikiti. Khoma analiphimba ndi nsalu yoyera. Azibambo a masitolo anakhala kutsogolo, ena atavala masuti onunkha m'sutikesi, Che Fadili ali mumkanjo wawo wa pa Idi. Azimayi anali kumbuyo pafupi ndi miphika, chifukwa ngakhale pa tsiku la mbiri anthu amafuna kudya.

A Godfrey analankhula mpaka ana anayamba kusinza. A Hawkins anawerenga za sitolo yoyamba ndi yachiwiri, zimene eni ake anamwalira kale. Kenako anakweza mawu.

"Sitolo yachitatu! Che Fadili Abdula ationetsa kadulidwe ka sopo ka mu 1984."

Anthu anaomba m'manja. Patebulo panali sopo wamtali ndi ulusi woyera. Che Fadili anapinda manja a mkanjo, n'kuzunguliza ulusi monga ankayeserera kuseri kwa mpapaya. Anakoka, ulusi unaduka. Anthu anaseka pang'ono mwaulemu. Anatenga wina, n'kuupinda kawiri, n'kukoka ndi mphamvu zonse. Sopo anaterereka, anauluka patebulo, n'kukagwera pamiyendo pa a Godfrey. Apa ulemu unatha. Makondakitala anagubuduka ndi phwete, ana anadzuka, ndipo kumbuyo kumiphika kunamveka mawu a mayi Veronica, akazi a Godfrey, amene sanafunepo chimkuzamawu pamoyo wawo.

"Che Fadili, musadzipweteke! Itanani mwini ulusi!"

Che Fadili anatola sopo uja, n'kumupukuta fumbi. Anayang'ana kumbuyo. Ruqaya sankaseka. Mayi ake anali ataweramitsa mutu, akuchita manyazi m'malo mwa amuna awo, ndipo chimenechi ndicho chinawapweteka Che Fadili kuposa kuseka kwa makondakitala. Anatambasula dzanja kwa a Hawkins.

"Aphunzitsi, tandibwerekani maikiyo."

Anatsokomola kawiri.

"Abale anga, ine sopo sindinadulepo. Usipa sindinasenzepo. Njerwa ngakhale imodzi sindinaumbepo. Pasitolo ija ndinagwirapo ntchito imodzi yokha, kusaina."

"Ndi kutenthetsa benchi!" kondakitala uja anakuwa.

"Ndi kutenthetsa benchi, zoona. Aphunzitsiwa ndinawanamiza ndine. Anandifunsa bwinobwino, ine ndinatenga thukuta la mkazi wanga n'kudzipaka. Dzina lili kuseri kwa nsaluyo silikuyenera kukhalapo." Anatembenukira kumiphika. "Abiti Salehe, ndakulakwirani pamaso pa anthu, ndiye ndikupepesa pamaso pa anthu. Chonde bwerani."

Abiti Salehe sanafulumire. Anayamba avundukula mphika, n'kuuza mnzawo kuti mpunga usapserere. Anakonza mpango wawo, n'kuyenda pakati pa mipando ngati akupita kukatsegula sitolo tsiku wamba. Atafika patebulo anayang'ana sopo uja, n'kuyang'ana amuna awo.

"Mwamuvulaza," anatero. Chimkuzamawu chinatola mawuwo, ndipo anthu anasekanso.

Anadula ulusi ndi mano, mbali imodzi n'kuiluma. Anayeza sopo ndi chala chachikulu, n'kudinda ndi chikhadabo. Ulusi unazungulira kamodzi, mutu unapita kumbuyo pang'ono, dzanja linakoka, chidutswa chinagwa. Anthu asanamalize kudabwa chinagwa chachiwiri, chachitatu, mpaka zisanu ndi zitatu zinandandalika patebulo. A Hawkins anasolola bolopeni imodzi, n'kuyeza nayo chidutswa chilichonse. Zinali zofanana ndendende. Nthungululu zimene zinachokera kumiphika zinamveka mpaka kumsika.

Zisanathe n'komwe, mayi Veronica anali atafika kutsogolo ndi ketulo yodzaza, n'kuiika pamaso pa amuna awo.

"A tcheyamani, ndi nthawi yanu. Thirani kuchokera m'mwamba. Makapu ndi awa."

A Godfrey anayang'ana ketulo, n'kuyang'ana suti yawo.

"Amake Mayamiko, mukudziwa kuti phewali limandivuta."

"Lakhala likukuvutani kuyambira 1984?"

Kuyambira pamenepo mwambo unasanduka bwalo la milandu, koma loseketsa. Mkazi wa telala anafunsa kuti makina oyamba anagula ndani. Mlongo wa mwini chigayo anafunsa kuti ankagona ndi ufa m'mphuno ndani. Mdzukulu wa mwini sitolo yoyamba ananena kuti agogo ake aamuna ankakhala ku Joni, sitolo ankayendetsa ndi agogo aakazi. Azibambo a kutsogolo aja aliyense anapeza chochita ndi zingwe za nsapato zake. A Hawkins ankalemba mpaka bolopeni yachiwiri inatha. Potsiriza anavula magalasi, n'kutenga chimkuzamawu.

"Nsalu imeneyi isachotsedwe lero. Ine ndinafunsa mabenchi, sindinafunse masitolo. Mundipatse masabata awiri."

Ndipo masabata awiriwo a Hawkins anawathera kuseri kwa makauntala, akudikira makasitomala achepe kuti afunse funso limodzi. Pa masitolo asanu ndi awiri aja, awiri okha ndiwo mayina ake anatsala mmene analili. Awiri ena analembedwa mayina awiriawiri, a mkazi ndi a mwamuna, pambuyo pa mikangano imene sitiikamba pano. Atatu anasinthiratu. A Jonas anapaka khoma lonse laimu n'kuyambiranso, akudandaula kuti anthu a m'Bangwe sadziwa chimene akufuna.

Lachisanu m'mawa, a Jonas akumaliza mzere wotsiriza, Che Fadili anawauza akazi awo kuti asiye kaye sitolo m'manja mwa Ruqaya.

"Tipite kuti? Ndi nthawi ya makasitomala ino."

"Pafupi pomwepa. Tiyeni."

Anayenda limodzi kukafika pakashedi. Abiti Salehe anaima patsogolo pa khoma, manja ali kumbuyo, akuyang'ana mizere yabuluu ija kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mayiwa sanapondepo m'kalasi. Katundu yense wa m'sitolo ankamudziwa ndi mtundu wa pepala lake, ndipo makasitomala ankawadziwa ndi nkhope ndi mayina a ana awo, koma zilembo za pakhomapo kwa iwo zinali zofanana zonse.

"Lili pati?" anafunsa motsitsa mawu, kuti odikira minibasi asamve.

Che Fadili anawagwira dzanja, n'kutenga chala chawo cholozera, n'kuchiika pamzere wachitatu.

"Likuyambira apa. Shamsa Salehe."

Limenelo linali dzina lawo lenileni, limene anapatsidwa kwawo ku Makanjira. Panali patapita zaka zambiri Che Fadili asanalitchule.

"Likuthera pati?"

Anayendetsa chala chija pang'onopang'ono mpaka kumapeto.

"Apa."

"Ndi lalitali ndithu," Abiti Salehe anatero, misozi ili lengelenge.

"Mayi, mayi, sipanaume pamenepo!" a Jonas anakuwa ali pamakwerero. "Mundiwonongera ntchito!"

"Ndi langa, bambo. Ndiligwira."

Atachotsa dzanja, nsonga ya chala inali yabuluu. Che Fadili anatulutsa kansalu m'thumba kuti awapukute, koma iwo anabisa dzanja kumbuyo n'kuuyamba wobwerera kusitolo. Tsiku lonselo anapima shuga ndi kukulunga buledi ndi chala chomwecho, ndipo kasitomala aliyense wofunsa kuti mayi mwatani pachalapo, ankachikweza m'mwamba kuti achione bwino.

"Ndi dzina langa," ankatero. "Mukufuna chiyani lero?"